Mikanda Imene Likongwe Anabwereka Kumanda

Padangokhala, sendezani mipando mumve bwino, m'masiku amene nyama zinkayamba zalowa sukulu zisanagwire khasu.

Sukulu zaulimi zinalipo zitatu, ndipo zinkadana ngati akazi apamitala. Yoyamba inkaphunzitsa khasu basi, kusosa, kugalauza ndi kuunga mizere, ndipo womaliza ankamumanga mkanda wakuda padzanja. Yachiwiri inali yosankha ndi kusunga mbewu, mkanda wake woyera. Yachitatu inali ya madzi, kukumba ngalande ndi kuthirira madimba, mkanda wake wofiira. Mkandawo ndiwo unali satifiketi ya mlimi. Eni ake ankaunyadira moti akamwalira ankaikidwa nawo m'manda, poti ankati kumeneko nako kuli minda, ndipo wofika chimanjamanja samugawira ndime.

Koma ulimi wake unali womvetsa chisoni. Wa khasu ankaunga mizere yokongola n'kudzalamo mbewu zofumbwa. Wa mbewu ankasankha bwino koma osadziwa pokazikwirira. Wa madzi ankathirira mpaka nthaka yonse kutsetserekera kumtsinje. Minda itayamba kung'ambika zigwembe, Njati, wapampando wa bungwe la maphunziro aulimi, anaitanitsa msonkhano.

"Sukulu zitatu zija tatseka," anatero Njati. "Kuyambira lero sukulu ndi imodzi, satifiketi ndi imodzi: mikanda itatu pachingwe chimodzi, kuonjezapo wachinayi, wobiriwira, wa maphunziro atsopano osamalira nthaka. Amene ali nayo kale itatu yonse abwere nayo, aonetse kuti ntchito yake amaidziwa, tiitunge pamodzi, ndipo zatsopanozo aphunzira tsiku limodzi lokha. Amene alibe akakhale pasukulu zaka zitatu, munda wake tiupereka kwa odziwa."

M'gulumo munali Likongwe, ndipo mawu omalizawo anamubaya pamtima. Iyeyu anali ndi dimba limene mayi ake anamusiyira, dimba lachonde lomwe aliyense ankalisirira. Chibadwire anali asanaligwetserepo khasu. Analisiya kuti limere tchire, ndipo tchirelo ndilo linkamudyetsa: mbalame zinkamangamo zisa, iye n'kumatola mazira m'mawa uliwonse. Una wake unalinso momwemo. Kumulanda dimbalo kunali kumulanda nyumba ndi nkhokwe tsiku limodzi. Mkanda analibe ngakhale umodzi, ndipo zoti akakhale pasukulu zaka zitatu, amene ankamudziwa Likongwe akanaseka mpaka nthiti kuwawa.

Anaimika dzanja mwaulemu.

"Bwana wapampando, kungofunsa chabe. Kodi pamkanda pamalembedwa dzina la mwini wake?"

Anayankha ndi Nantchengwa, woyesa mayeso wamkulu, mbalame yosaseka, yoyankhula mawu owerengeka.

"Sipalembedwa. Mkanda umamudziwa wokha mwini wake."

Likongwe anangomva mawu oyambawo, enawo anawasiya pomwepo.

Tsiku lotsatira, dzuwa lili paliwombo, analowa kumanda. Ntchentche imene inkamutsatira kuchokera kunyumba itafika polowera inabwerera. Mantha anali nawo ndithu, koma akaganiza za dimba lake miyendo inkapita yokha. Anaima pamtumbira wa malemu Mfuko, katswiri wa khasu.

"Odi kuno, malume!"

 Kenaka mawu anatuluka pansi, ngati munthu woyankhulira mumtsuko.

"Ndani akundiponda pamutu?"

"Ndine Likongwe, malume. Pepani, ndabwera ndi uthenga woipa. Mkanda wanu watha ntchito."

"Watha chiyani?"

"Watha ntchito. Bungwe lasintha masatifiketi. Mikanda yakale akuti ndi zoseweretsa ana tsopano."

"Zaka makumi anayi ndinalima nawo mkanda umenewu!"

"Ndi zomwe ndinawauza ine, koma ndani amamvera Likongwe? Nkhawa yanga ndi yakuti anzanu kunoko akamva, akulandani ndime. Mudzakhala wakufa wosaphunzira, malume. Manyazi ake!"

Nthaka inabuula. "Nanga ndichite bwanji, poti sindiyenda?"

"Ndipatseni ndikakusinthireni. Ndibwera nawo watsopano, wonyezimira."

Dothi linang'ambika pang'ono, panatuluka kadzanja kouma, mkanda wakuda uli pachikhatho. Likongwe atautenga anamva kuzizira mpaka m'mano.

"Akakufunsa ntchito yake," anatero mawuwo, "usavutike. Uyimbe nyimbo iyi, ndidzabwera kudzayankha ndekha."

Ndipo Mfuko anamuphunzitsa nyimbo. Inali yaifupi, yoitana mwini chinthu kuti adzuke adzaone chinthu chake. Wotsogolera ankakweza mawu ngati wolira, ndipo kuvomera kwake kunali liwu limodzi lokha, lolemera, logwa pansi ngati khasu panthaka youma.

Anapita pamtumbira wa malemu Nkhwali, mayi amene ankazindikira mbewu yakufa ili m'dengu lotseka. Bodza linali lomwelo.

"Iwe si uja unkandidyera mazira?" anafunsa Nkhwali.

"Anali mkulu wanga, azakhali. Timangofanana mchira."

Kenaka mkanda woyera unatumphukira pamwamba wokha.

Pamtumbira wa malemu Nkhanu, wa ngalande, Likongwe sanatsegule n'komwe pakamwa. Mkanda wofiira unali kale pamwamba, ukumudikira.

"Tenga, mdzukulu," anatero mawu onyowa. "Ndamva kale. Ndatopa n'kugona."

Wina aliyense akanathawa pamenepo. Likongwe anangoti agogowa ndi omasuka bwanji, n'kutola mkandawo.

Mayeso oyamba anali a khasu, pamunda wa sukulu, nyama zonse zikuonerera.

"Mizere khumi dzuwa lisanapendeke," anatero Nantchengwa.

Likongwe anagwira khasu chozondotsa, gulu lonse n'kufa nalo phwete. Iye sanatekeseke.

"Ife akale timayamba ndi nyimbo, bwana."

Anakweza mawu nayimba. Kuvomera kunabwera, liwu limodzi lija, lolemera. Kuseka kunatha. Nyama zinayang'anana kuti zione amene wavomera, koma pakamwa pa aliyense panali potseka, ndipo zina zinanyamula mapazi poti zinamva liwulo likudutsa kunsi kwawo. Manja a Likongwe anazizira mpaka m'mapewa. Manjawo anatembenuza khasu okha, n'kuyamba kulima. Dzuwa lisanasunthe n'komwe, mizere khumi inali itagona, yowongoka, yofanana.

Nantchengwa anayenda m'mizeremo pang'onopang'ono, mutu uli pansi.

"Mizere iyi ndinaionapo kale."

"Sukulu imodzi, bwana, kalimidwe kamodzi."

"Wakhoza."

Atafika kudimba kwake, Likongwe anayang'ana manja ake nati, "Zikomo malume, mwagwira ntchito. Mutha kupita tsopano." Manja sanamve. Ankanunkha dothi lokumba kumene, ndipo iye atakhala pansi anapitiriza kupalasa nthaka okha. Atapeza chisa cha mazira anayi n'kufuna kutola, manja anakana, n'kuyamba kuzula udzu pambali pake. Anachita kudya mazirawo ndi pakamwa, chogwada. Anadzilimbitsa kuti zitha mawa.

Mayeso achiwiri anali a mbewu. Nantchengwa anaika lichero lodzaza chimanga, chamoyo ndi chakufa chosakanikirana.

"Siyanitsa."

Likongwe anayang'anitsitsa. Kwa iye chonse chinali chimanga. Basi anayimba. Ulendo uno ovomera anali awiri, wina wolemera, wina wopyapyala ngati wa mayi wotopa. Maso ake anazizira, mutu unapendekera mbali imodzi, ndipo anaona njere iliyonse mpaka m'kati mwake, iyi ili ndi moyo, iyi nankafumbwe wagonamo. Manja anasankha mofulumira moti lichero linkalira.

"Wakhoza," anatero Nantchengwa, akumuyang'ana m'maso nthawi yaitali ngati akupereka moni kwa winawake.

Madzulo ake atayandikira chisa, maso anadzaza misozi. Iye sankalira, njala ndiyo inkamupweteka, koma misozi inkangotsika, yozizira, ndipo zikope zinatsekeka zokha mpaka atachoka pachisapo. Tsiku limenelo anagona ndi njala. Apa tsopano anachita mantha enieni, ndipo analumbira kuti nyimbo ija sayimbanso.

Mayeso achitatu anali a madzi: kuwatenga kuchitsime n'kuwafikitsa kundime yakutali. Likongwe anayesa nzeru zake zokha.

"Bwana, masiku ano ana amaphunzira zosiyana ndi ife. Tandionetsani kaye mmene inu mumayambira, ndione ngati n'zolondola."

"Woyesedwa ndiwe."

"Nanga bwanji ndingofotokoza pakamwa? Khasu likhoza kukuthirani matope."

"Nungu anamaliza mayeso ake dzulo," anatero Nantchengwa. "Akufuna dimba. Ndimuuze kuti lako lapezeka?"

Likongwe anaona Nungu ataima patsogolo pa gulu, maso ali gwa. Anaganiza za una wake, za zisa zake. Anayimba. Sanamalize n'komwe mzere woyamba, atatu anavomera, ndipo wachitatuyo anavomera mokondwa. Miyendo inazizira, inayamba kuyenda cham'mbali, ikumva ndi mapazi kumene nthaka yatsika. Manja anakumba, maso anayeza, madzi n'kumutsatira pambuyo mpaka kundime ija.

"Wakhoza. Bweretsa mikanda."

Nantchengwa anaitunga itatu yonse pachingwe chimodzi, nachimanga m'khosi mwa Likongwe ndi mfundo yolimba. Pamene mfundo inkakoka, Likongwe anamva m'chifuwa mwake anthu atatu akusendezana kuti apeze pokhala.

Tsiku la maphunziro atsopano anapita choyenda cham'mbali, mutu uli chopendekera, manja akupalasa m'mwamba. Ofunsa ankawauza kuti ndi nyamakazi ya alimi akale. Nantchengwa anaphunzitsa mwachidule.

"Nthaka yatopa ndi kutembenuzidwa. Khasu ligone. Mapesi ndi udzu musatenthe, phimbirani nazo nthaka, chinyezi chikhale. Pamtsetse chilichonse chipingase, madzi asapeze njira yothamangira. Mayeso omaliza aliyense alembera m'munda mwake. Ndidzaika khasu patsogolo pako. Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa paliwombo usalikhudze. Ungoyala udzu pandime imodzi, basi. Ukatero mkanda wobiriwira ndi wako, munda ndi wako."

Likongwe anaseka koyamba m'masiku atatu. Mayeso osagwira khasu! Amenewa anabadwa nawo. Apa panalibe chifukwa choyimbira, panalibe chifukwa choitanira munthu. Anapita kwawo mtima uli m'malo, akudziuza kuti akangolandira wobiriwirawo akataya itatu ija kumanda.

M'mawa mwake nyama zinasonkhana m'mphepete mwa dimba lake, Njati ali pomwepo. Nantchengwa anagoneka khasu pansi naima pambali. Likongwe anakhala pansi, nakhalira manja ake, natseka pakamwa kuti ngakhale mpweya wa nyimbo usatuluke.

Nyimbo inayamba yokha. Panalibe wotsogolera, kunali kuvomera kokhakokha, liwu lija likugwa mobwerezabwereza kuchokera pansi pa dimba. Mbalame zonse za m'tchire zinauluka nthawi imodzi. Kenaka mawu a Mfuko anamveka m'chifuwa mwake.

"Mikanda yathu yatsopano ili kuti?"

"Lero lomwe, malume," ananong'ona Likongwe. "Kungoti tikhale chete mpaka masana. Ndiwo maphunziro atsopanowo. Khasu ligone."

"Khasu ligone? Mlimi ali moyo?"

"Zinthu zinasintha, malume. Phunzirani."

"Kwathu kuno sitiphunzira zatsopano, mphwanga. Zimene tinapita nazo ndi zomwezo."

"Taonani tchireli," anatero Nkhwali. "Dimba labwino chonchi."

"Madzi ali pafupi," anatero Nkhanu. "Ndikuwamva."

Manja anayamba kusolokoka pansi pake. Likongwe anaganiza mofulumira kuposa mmene anaganizirapo chibadwire. Anakumbukira kuti sukulu zitatu zija sizinkamwerana madzi.

"Malume, sindimafuna kunena, koma agogo Nkhanu dzulo amati mkanda wakuda ndi wa mbuli. Akuti khasu angagwire ndi mwana yemwe."

"Anatero?"

"Ndipo azakhali, malumewa amati kusankha mbewu ndi ntchito ya alesi okhala pamphasa. Agogo, azakhaliwa amati inu ndi amene munakokolola minda ya anthu."

Zinatheka. Atatuwo anayamba kutukwanizana, ndipo Likongwe anasangalala kuti akakwiyitsana aliyense anyamuka kubwerera kwawo. Chimene anaiwala n'chakuti akufa alibe matupi omenyanira. Manja anakanda miyendo, miyendo inaponda manja, maso anatembenuzika mpaka kuyera, ndipo magazi amene anatuluka anali a Likongwe. Anagubuduka m'fumbi nyama zikubwerera m'mbuyo. Anapirira, mano ali gwa, akuyang'anira dzuwa kuti lifike pamutu. Linali litatsala pang'ono.

"Taimani," anatero Nkhanu mwadzidzidzi. "Akutiuza zimenezi ndani? Si pakamwa pomwe paja panati mikanda yathu ikasinthidwe?"

Kumenyana kunatha pomwepo.

"Ndipo taonani," anapitiriza Nkhanu, mawu ake akukoma. "Manja alipo. Maso alipo. Miyendo ilipo. Tili moyo sitinalimepo munda umodzi atatu. Atitunga pamodzi, abale. Tiyeni tione mmene zimakhalira."

"Ayi!" anakuwa Likongwe. "Malume! Azakhali! Tikambirane!"

Miyendo inamuimiritsa. Manja anatola khasu.

Ntchito imene inagwiridwa tsiku limenelo nyama sizinaionepo. Tchire lonse linagwa, zisa zili momwemo. Manja anaunjika udzu, anapeka moto, nautentha, Likongwe akulira kuti musatenthe, musatenthe, m'menemo muli chakudya changa. Khasu linafika pa una wake, linaugumula n'kuungapo mzere. Mizere inatsika motsata mtsetse monga ankachitira akale, ngalande zinadutsa pakati, ndipo nthawi yonseyi nyimbo inkavomeredwa ndi atatu, liwu lililonse likugwera pamodzi ndi khasu.

Dzuwa litafika paliwombo, Nantchengwa anayendera dimbalo mpaka kumapeto nabwerera.

"Ulimi uwu ndi wangwiro," anatero. "Koma ndi wa zaka makumi asanu zapitazo. Walephera."

"Ndavomera, bwana! Ndinanama, mikandayi si yanga! Ndimasuleni chingwechi!"

"Sukulu zija zinatsekedwa. Satifiketi ndi imodzi tsopano, siigawika." Anayang'ana mfundo ija pakhosi pa Likongwe, koma sanaiyandikire. "Ndinamanga ndine, koma akuigwira ndi ena."

Njati anakonza kukhosi, natembenukira kugulu.

"Lamulo ndi lamulo. Dimbali likupita kwa wodziwa. Nungu, ndi lako."

Nungu anayang'ana Likongwe akulima cham'mbali, mutu chopendekera, misozi ya munthu wina ikutsika m'masaya. Anamvetsera liwu lija likugunda kunsi kwa mapazi ake. Minga yake yonse inaima.

"Pepani bwana, ine ndapeza kwina."

"Nguluwe?"

"Kwatalika ndi kwathu."

"Insa? Fulu?"

 Mmodzimmodzi anatembenuka n'kumapita, ndipo Njati naye sanatsalire m'mbuyo.

Motero Likongwe dimba lake sanalandidwe. Analisunga, monga ankafunira. Chaka ndi chaka amalisosa, amalitentha, amaunga mizere, amadzala, amathirira, osapuma ngakhale tsiku la maliro. Chimanga chake chimabereka ziwiriziwiri, koma palibe wamoyo wina anachilawapo, poti akakolola miyendo imamutenga cham'mbali, dengu lili pamutu, mpaka kumitumbira itatu ija. Iye manja amangomukankhira tinjere tochepa m'kamwa kuti asagwe, monga mlimi amadyetsera ng'ombe yapangolo. Chaka chilichonse Nantchengwa amabwera ndi mkanda wobiriwira, amagoneka khasu pansi, amadikira pang'ono, n'kubwerera nawo.

Chimene chinatsala chake ndi pakamwa pokha, ndipo mpaka lero sipanatseke. Ukadutsa pafupi ndi dimbalo masana umamva akukuitana mwaulemu, akukutchula achimwene, akukuuza za chonde chake, za madzi ake osaphwa. Ukafulumiza mapazi ulemu umatha, kumatsala kukuwa.

"Landani dimbali! Ndapota nanu, landani! Lamulo linanena!"

Ndipo pansi atatu amavomera.

Nthano yanga yaima pamenepa, koma khasu lija silinaime.